Kayesedwe ka nambala ya 8,191 ngati ili pulayimu

Wophunzira wa sekondale mu Lilongwe amene ali ndi kakyuleta angathe kudzitsimikizira kuti 8,191 ndi pulayimu, nambala yosagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Yambani mwapeza sikweya ruti yake (nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 8,191), yomwe ndi pafupifupi 90.5, popeza nambala yogawika imakhala ndi chogawira chimodzi chosaposa pamenepo. Kenaka igaweni ndi mapulayimu onse 24 kuyambira 2 kufika 89. Ntchitoyi ndi yotopetsa ndithu, koma mudzaona kuti paliponse pakutsala kanthu. Mukalembanso 2 ka 13, n'kuwachulukitsa onsewo kenaka n'kuchotsapo 1, mudzapeza 8,191, choncho ili m'gulu la Mersenne, la mapulayimu opezeka mwa njira imeneyi, momwe mulinso 2,147,483,647 imene katswiri wa masamu Euler anaitsimikiza kuti ndi pulayimu mu 1772.