Momwe mungadziwire mota yoyenera galimoto yamagetsi yodzipangira nokha

Ambiri amene akupanga kagalimoto kapena ngolo yamagetsi pakhomo amayamba ndi kugula mota. Akaona pamota palembedwa 1500 W (mawati), mtima umakhala pansi. Pamalo athyathyathya chinthucho chimathamangadi, koma chikangofika pachitunda chitasenza katundu, mota imayamba kubuula, kenako fungo la waya wopsa. Masamu amene akanapewetsa zimenezi amayambira pa gudumu, mota imabwera pomaliza.

Tisiyanitse kaye zinthu ziwiri. Mukamamasula nati ndi sipanala, mphamvu yopotokola imene mukuikayo ndi imene amakaniko amati torque, ndipo imayezedwa mu Nm. Mawati ndi nkhani ina: amaphatikiza torque ndi liwiro limene mota ikuzungulira. Chulukitsani Nm ndi rpm, kutanthauza maulendo ozungulira pa mphindi, mugawe ndi 9.55, mwapeza mawati. Choncho mota yozungulira mwaliwiro koma yofooka popotokola ikhoza kukhala ndi mawati ofanana ndi ina yozungulira pang'onopang'ono koma yamphamvu. Ngati pamota alemba hp, hp imodzi ndi 746 W.

Choyamba, pezani kulemera konse: felemu, mabatire, mota, woyendetsa ndi katundu. Musadzinamize pa katunduyo, chifukwa ngolo ikayamba kuyenda aliyense amafuna kukwezapo chake. Tiyerekeze ngolo ya magudumu atatu yolemera 300 kg zonse pamodzi. Kuchulukitsa ndi 9.8 tipeza mphamvu imene ngoloyo ikukokedwa nayo pansi, 2,940 N (N ndi muyezo wa mphamvu yokankha kapena yokoka).

Chachiwiri, werengani zimene zikuikaniza ngoloyo. Zilipo zitatu. Matayala akamagubuduzika pa tara amakaniza pafupifupi 0.015 ya kulemerako, ndiye 44 N. Pamchenga kapena matayala akachepa mpweya, nambalayi imakwera kwambiri. Mphepo nayo imakankha. Pa ngolo yapululu yokhala ndi munthu wokhala tsonga, mukhoza kuyerekeza potenga liwiro la mamita pa sekondi, kulichulukitsa ndi lokha, kenako ndi 0.6. Pa 30 km/h, omwe ndi mamita 8.3 pa sekondi, tipeza 41 N. Zonse 85 N, kuchulukitsa ndi 8.3, ndi mawati 700 okha. N'chifukwa chake pamalo athyathyathya mota iliyonse imaoneka ngati ngwazi.

Chachitatu chokaniza ndi chitunda, ndipo ndicho chimalamula. Msewu wokwera mita imodzi pa mamita khumi alionse umakoka ngolo chambuyo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, 294 N. Mukakwera pa 15 km/h, mphepo imatsika kufika pa 11 N, matayala akadali pa 44 N, zonse pafupifupi 350 N. Pa mamita 4.2 pa sekondi zikufuna 1,470 W. Mwatsitsa liwiro ndi theka, koma mawati achuluka kawiri.

Tsopano sandutsani 350 N ija kukhala torque. Yezani kuchoka pakati pa gudumu kufika pansi. Gudumu la mainchesi 20 limapereka pafupifupi mamita 0.25, ndiye kuchulukitsa ndi 350 N, pakufunika 88 Nm pa ekisulo. Lembani nambala imeneyi pakhoma.

Apa m'pamene pagona nkhani. Mota ya 1500 W yozungulira 3000 rpm imatulutsa 4.8 Nm basi. Kuchoka pa 4.8 kufika pa 88 ndi ntchito ya magiya kapena tcheni ndi masipuloketi. Gudumu lathu lija pa 30 km/h limazungulira pafupifupi 320 rpm, ndiye mota iyenera kuzungulira ka 9.4 kuti gudumu lizungulire kamodzi. Torque nayo imachuluka ka 9.4, kufika 45 Nm. Ndi theka chabe la zimene chitunda chikufuna, ngakhale kuti mawati a pamota akuoneka okwanira.

Ngolo ikhoza kukwerabe, chifukwa kontirola, kabokosi kolamulira magetsi opita ku mota, imathira magetsi ambiri mu mota kuti torque ikwere. Torque imayendera limodzi ndi ma amp, pomwe liwiro la mota limayendera mavolti. Vuto ndi loti kutentha kwa mawaya a mkati sikukwera mofanana: ma amp akachuluka kawiri, kutentha kumachuluka kanayi. Kachitunda ka masekondi makumi awiri mota ipirira. Chitunda cha mphindi zisanu chikhoza kuwotcha vanishi wa mawaya, ndipo pa mota za BLDC (zopanda mabulashi) maginito akatenthedwa kwambiri amafooka osabwereranso. Pogula, funsani mawati amene mota ingapereke mosalekeza; nambala yaikulu imene ogulitsa amakonda kulengeza nthawi zambiri ndi ya kanthawi kochepa.

Njira zake ndi zitatu. Sinthani magiya kuti mota izizungulira ka 19 gudumu likazungulira kamodzi, mupeze 90 Nm koma muvomere kuthera pa 15 km/h. Kapena gulani mota yaikulu kawiri. Kapena ikani magiya awiri osinthira. Ine ndimakonda yachitatuyi pa ngolo ya katundu, ngakhale ili ndi ntchito yambiri yowotcherera. Mota ya mkati mwa gudumu ndi yosavuta kumanga, koma simungaisinthe magiya, ndiye ngati kwanu kuli zitunda zazitali iganizireni kawiri.

Batire ndi kontirola ziwerengereni pomaliza. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a magetsi limatayika mu mota, kontirola ndi tcheni, choncho 1,470 W pa gudumu ndi pafupifupi 1,840 W kuchokera ku batire. Pa batire ya mavolti 48, amenewo ndi ma amp 38. Batire, mawaya ndi kontirola zonse zikhale zotha kunyamula kuposa pamenepo, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire.

Chenjezo kwa amene atola mota yakale ya fokolifiti: ngati ndi ya mtundu wa series (yomwe makoilo ake amalumikizidwa motsatizana), musaipatse mavolti onse isanalumikizidwe ku magudumu. Yopanda katundu imathamanga mopitirira mpaka kudziphwasula.

Mukamanga, kwezani katundu yense, kwerani chitunda chovuta kwambiri cha njira yanu, muime pamwamba n'kukhudza mota mosamala. Ngati dzanja silingakhalepo ngakhale masekondi ochepa, kulitsani sipuloketi ya ku gudumu muyeserenso.