Tchire la mphukira nalonso ndi nkhalango

Alimi anzanga, m'midzi yambiri ya ku Chipata ndi Katete anthu amati nkhalango inatha kalekale, pamene kuseri kwa mudzi kuli tchire lodzaza zitsa zimene zikuphukira. Poti saliwerengera, mbuzi, nkhwangwa ndi moto zimalowamo mmene zafunira.

Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, limati malo ndi nkhalango akaposa theka la hekitala, mitengo yake ikapyola mamita 5, ndiponso nthambi zikaphimba magawo oposa 10 pa 100 a malowo. Limawerengeranso malo amene mitengo ikadali yaing'ono koma ingathe kufika pamenepo. Ndiye kuti tchire lanulo lili m'gulu lomwelo.

Kumtunda kuno, mpaka ku Lundazi, nkhalango yathu ndi ya miombo, ija imatulutsa masamba ofiira mu Seputembala mvula isanagwe, ndipo pakati pake pamakhala masuku. Bowa wambiri amene amayi amazula m'dzinja amadalira mizu ya mitengo imeneyi, n'chifukwa chake munda wa bulugamu, ngakhale ukupatseni milimo ndi nkhuni, sungalowe m'malo mwake. Kuchigwa cha Luangwa, monga ku Mambwe, kuli tsanya, wolemera ndi wochedwa kukula. Mikuyu ndi mbawa za m'mbali mwa mtsinje zimagwira gombe. Zimenezo musazikhudze n'komwe. Ofuna kuona mmene dziko lino linalili akayang'ane msitu wa kumanda, poti kumeneko ndiye tonse timaopa kudula.

Ubwino wa miombo ndi wakuti chitsa sichifa msanga. Mizu ilipo kale pansi, choncho mphukira imathamanga kuposa mbande ya ku nazale, ndipo siifuna kuthirira. Pachitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zina zonse dulani ndi chikwanje chakuthwa kuti zisalimbirane chakudya. Mukamadula mtengo, dulani pansipansi ndipo mopendeketsa, madzi asamaime pachitsa n'kuchiwoletsa. Mbuzi zipatukeko zaka zoyambirira, kufikira nsonga zitatalika kuti sizingazifikire.

Mdani wamkulu ndi moto wa mu Okutobala, umene nthawi zambiri umayamba ndi anyamata osaka mbewa. Udzu umakhala utauma gwa, moto umakwera mpaka kunsonga, mphukira zonse n'kupserera. Lambulani njira yotchinga moto kuzungulira malowo, ndipo ngati n'kofunika kutentha, tenthani mu Meyi kapena Juni, madzulo, udzu ukadali ndi chinyezi.

Zonsezi munthu mmodzi sangazithe ngati mnzake akuotcha makala usiku. Lamulo la nkhalango la 2015 limalola mudzi kupanga gulu loyang'anira nkhalango yake movomerezeka ndi boma. Yambani mwakhala pansi ndi a nyakwawa, mugwirizane malire, a mfumu avomereze, kenaka mukaonane ndi a ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu kuti akuthandizeni kulembetsa gululo.