Kafikidwe ka ku Kainakary, mudzi wa pamadzi ku Kerala

Ngati mwafika ku Kerala kummwera kwa India ndipo mukufuna kuona mudzi weniweni osati mahotela okhaokha, pitani ku Kainakary m'dera la Kuttanad. Mukatsika ndege ku Kochi kwerani basi kapena sitima ya pamtunda mpaka Alappuzha, ena amati Alleppey, ndi maola awiri kapena kuposerapo malinga ndi jamu.

Mukangofika anthu akuunjikirani kukutsatsani ma houseboat, aja akuluakulu okhala ndi zipinda zogona. Ndi okongola inde koma ndi odula, komanso sakwana m'tingalande tating'ono momwe muli makomo a anthu. Ine ndikuti pitani pa jeti ya boma pafupi ndi depoti ya mabasi a boma a KSRTC, mukwere boti lopita ku Kainakary la State Water Transport Department lomwe amakwera ana asukulu ndi azimayi ochokera kumsika, tikiti amadula momwemo ndipo ndi ma rupee ochepa chabe, ndiye khalani ndi tchenji.

Muli m'botimo muziyang'ana minda ya mpunga, muona kuti ili m'munsi kuposa madzi omwe mukuyendapowo, malo ena mpaka mamita awiri kapena atatu pansi pa mulingo wa nyanja. Alimi amazinga mindayo ndi zipupa za dothi kenako n'kupopa madzi onse kuti adzale, ntchito yosimba iyi, nchifukwa chake FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, inazindikira ulimi wa ku Kuttanad mu 2013 ngati chuma cha dziko lonse lapansi.

Gonani pa homestay, pakhomo pa banja, mupemphe akupezereni wopalasa bwato laling'ono ndipo munyamuke mmamawa dzuwa lisanawawe. Bambo muziti chetta, mayi chechi, amasangalala nazo. Nsapato vulani pakhomo, kudya ndi dzanja lamanja. Mulawe kappa, chomwe ndi chinangwa chophika, ndi nsomba ya karimeen, koma tsabola wake samanyengerera. Chonde musamajambule anthu akuchapa kapena kusamba pagombe osapempha, pamenepo mpakhomo pawo.

June mpaka September kumagwa mvula yamphamvu, mu 2018 madzi anamiza nyumba zambiri kumeneko, nyengo yabwino ndi December mpaka February. Mankhwala othamangitsa udzudzu musasiye. Ngati simugona komweko funsani nthawi ya boti lomaliza musanatsike, kukada amayenda mwa apo ndi apo.