Musanalipire fizi pa yunivesite ya banja, yambani mwafufuza komwe inachokera

Mwana wa achemwali anga anakhoza MSCE bwinobwino koma dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa opita ku mayunivesite a boma, ndiye mukudziwa mmene zimakhalira, mwana kumangodzitsekera kuchipinda, mayi ake BP mmwamba, nkhani yonse nkugwera ine malume poti ndi amene ndimakhala ku Mzuzu kuno pafupi ndi masukulu. Ndinayenda ndithu abale anga. Mapepala otsatsa malonda omwe anyamata ankagawa ku depoti ndi pa Shoprite ndinatolera mulu, ndipo angapo mwa iwo anali a masukulu oti anayambitsa ndi munthu mmodzi ndi banja lake, osati mpingo osati boma. Zomwe ndinaphunzira mmiyezi imeneyo ndi zomwe ndikulemba apazi, mwina wina sangavutike ngati ine.

Ndinene kaye kuti yunivesite kukhala ya banja si mlandu ayi. Anthu ena akangomva kuti mwini wake ndi bambo uje basi ayamba kale kuseka kuti ndi golosale, koma si choncho nthawi zonse. African Bible College ya ku Lilongwe ija anayambitsa ndi banja, a Jack Chinchen ndi akazi awo a Nell ochokera ku America, anayambira ku Yekepa mdziko la Liberia mu 1978, ku Lilongwe anatsegula mu 1991, kenako ku Uganda mu 2005, ndipo mwana wawo Paul anadzatenga utsogoleri. Ku Kenya kuli Mount Kenya University ya a Simon Gicharu, inayamba mu 1996 ngati kamalo kophunzitsira makompyuta ku Thika, chilolezo chonse cha yunivesite nkudzalandira mu 2011. Werengani zaka zimenezo, 15. Ndiye funso si lakuti mwini wake ndani, funso ndi lakuti sukuluyo inakula mpaka kutha kuima payokha kapena ikadali mthumba la jekete la bamboyo.

Poyambira penipeni ndi mbiri. Mukafika pa ofesi funsani zinthu zitatu mwaulemu, inayamba chaka chanji, inayamba ngati chiyani, nanga dzina loti yunivesite inayamba kulitchula liti. Zitatuzi zimasiyana, koma otsatsa malonda amakonda kuziphatikiza. Atha kukuuzani kuti tili ndi zaka 20 pomwe zaka 16 mwa zimenezo inali sekondale yapulaiveti kapena kasukulu ka mataipi. Kuyamba pang'ono si manyazi, ngakhale Mzuni yathu ya ku Luwinga ija lamulo loikhazikitsa linadutsa mu 1997, ophunzira oyamba nkulowa mu 1999 mnyumba zomwe kale zinali koleji ya aphunzitsi. Unilia, yunivesite ya Livingstonia, nayo inatsegulidwa mu 2003 ndi Sinodi ya Livingstonia koma mizu yake ili ku Khondowe komwe a Robert Laws anakakhazika mishoni mu 1894. Masukulu amenewa mbiri yawo saibisa, aliyense atha kuitsata. Sukulu yomwe ikuzemba funso la chaka imeneyo muiyang'anitsitse.

Pali kasamu kena kophweka komwe kanandithandiza kwambiri. Digiri kuno kwathu nthawi zambiri imatenga zaka 4. Ndiye ngati akuti mapulogalamu a digiri anayamba zaka 5 zapitazo, magulu omaliza maphunziro sangapose awiri, pokhapokha ngati ena analowa ali kale ndi dipuloma. Akakuuzani kuti achita kale ma graduation 7 funsani kuti ankapereka chiyani, satifiketi, dipuloma kapena digiri. Ine pa sukulu ina yomwe sinditchula mayi wa pa desiki atamva funso limeneli anangoti dikirani abwana, ndinadikira mpaka 3 koloko abwanawo osatulukira, mvula ya mawawa ija ya ku Mzuzu ikundinyowetsa pakhonde.

Komanso musamalize kufufuza mu ofesi. Tulukani mukacheze ndi a kabaza omwe amaima pageti, amayi ogulitsa mandasi ndi chimanga chootcha, eni nyumba omwe amasunga ophunzira ku Chibavi kaya ku Luwinga kaya ku Katoto. Anthu amenewa amadziwa zambiri kuposa kabuku kokongola kotsatsa sukulu kaja, amadziwa kuti pamalopo kale panali chigayo kapena malo ogona alendo, amadziwa chaka chomwe aphunzitsi ananyanyala chifukwa cha malipiro, amadziwa ngati ana amathawa pakati pa chaka. Ngati Chitumbuka chimakuvutani ngati ine tengani mnzanu wochidziwa, nkhani zina zimatuluka bwino mchilankhulo cha eni dera, ine ndinaona ndekha kusiyana kwake.

Tsopano nkhani ya NCHE (National Council for Higher Education), apa ndiye pomwe ambiri timagwera. Bungwe limeneli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liziyang'anira maphunziro a ukachenjede mdziko muno, likulu lake lili ku Lilongwe. Chomwe ambiri sitidziwa nchakuti pali zinthu ziwiri zosiyana, kulembetsa komwe amati registration ndi kuvomerezedwa komwe amati accreditation. Kulembetsa ndi chilolezo choti sukulu itha kutsegula zitseko. Kuvomerezedwa kumabwera akatswiri akabwera kudzaona aphunzitsi, mabuku, makalasi ndi zomwe zikuphunzitsidwa, ndipo amaona pulogalamu iliyonse payokha. Ndiye sukulu itha kukhala yolembetsa, digiri yake ya bizinesi nkukhala yovomerezeka, koma ya zaumoyo yomwe mwana wanu akufuna ayi. Pa chikwangwani amangolemba mawu amodzi akuluakulu ndi chizindikiro cha NCHE basi, inu nkumaona ngati zonse zili bwino. Pemphani kuona kalata yeniyeni, muwerenge dzina la pulogalamu, muwerenge deti, muonenso ngati ikutchula nthambi ya ku Mzuzu kapena ikukamba za likulu lawo la ku Blantyre kaya ku Lilongwe kokha. Mukatero musakhulupirirebe, fufuzani mndandanda womwe NCHE imatulutsa pa webusaiti yake ndi mmanyuzipepala, kapena imbani foni. Mayunitsi a K1,000 ndi ochepa poyerekeza ndi fizi ya zaka 4.

Ngati ndi unamwino funsaninso za Nurses and Midwives Council, ngati ndi za udokotala Medical Council, poti popanda amenewo mwana sangalembetse kuti agwire ntchito ngakhale atavala gauni ndi chipewa.

Koma gawo lomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi la banja lenilenilo, poti apa mpomwe yunivesite yotere imasiyana ndi ya mpingo kapena ya boma. Ya mpingo mtsogoleri akachoka sinodi imasankha wina. Ya banja bambo akamwalira chimachitika nchiyani? Si kulodza ayi, tonse tinaonapo mabasi, magolosale ndi mafamu akutha pasanathe chaka maliro atachitika, ana a kwa mayi wamkulu ndi a kwa mayi wamng'ono akukokana ku khoti. Ngakhale kunja zinachitikapo. Stanford ya ku America yomwe lero ndi yotchuka dziko lonse anayambitsa ndi a Leland Stanford ndi akazi awo a Jane pokumbukira mwana wawo mmodzi yekhayo yemwe anamwalira ndi taifodi mu 1884 ali ndi zaka 15. Inatsegulidwa mu 1891, bamboyo nkumwalira mu 1893, boma nkusumira chuma chake pa nkhani ya ngongole za njanji, ndalama zonse nkutsekeredwa. Sukulu inatsala pang'ono kutsekedwa, anaipulumutsa ndi mayiwo pomalipira aphunzitsi ndi ndalama zawo za pakhomo mpaka mlandu unatha mu 1896. Koma mayi omwewonso mu 1900 anakakamiza kuti mphunzitsi wina Edward Ross achotsedwe chifukwa sankagwirizana ndi maganizo ake, aphunzitsi ena nkutula pansi ntchito pokwiya. Mwaona eti, chikondi chomwe chimasunga sukulu ya banja ndi chomwechonso chimatha kuipanikiza pakhosi.

Ndiye mungadziwe bwanji kuti ya kwanuko ili pati? Yang'anani maudindo. Ngati bambo ndi chancellor, mayi ndi osunga ndalama, mwana woyamba ndi registrar, mkamwini ndi woyang'anira mayeso, mlamu ndi wogula katundu, pamenepo palibe woti angauze mnzake kuti ayi izi nzolakwika. Wachibale mmodzi kapena awiri ophunzira bwino palibe vuto, ena mwa ana amenewa anakuliramo ndipo sukuluyo amaidziwa kuposa aliyense. Koma funsani ngati pali khonsolo yoyendetsa sukulu yokhala ndi anthu akunja osakhala achibale, funsani ngati pali senate ya aphunzitsi yomwe imavomereza zotsatira za mayeso, funsani ngati amabweretsa aphunzitsi a mayunivesite ena kudzaunika mayeso awo. Vice chancellor analembedwa ntchito itatsatsidwa mnyuzipepala kapena anangosankhidwa pa tebulo la nsima? Funso lomalizali simungalifunse choncho mu ofesi, mungathamangitsidwe, koma ophunzira a chaka chachitatu amayankha mosavuta mukawagulira fanta.

Chizindikiro china chomwe sichinama ndi akaunti ya ku banki. Fizi ikuyenera kulowa mu akaunti ya dzina la sukulu ndipo mulandire risiti ya chidindo. Akakupatsani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya dzina la munthu ati tumizani apa ndi ya madamu, bwererani kunyumba ndi ndalama zanu. Ine zinandichitikira, ati makina a risiti awonongeka mubwere Lolemba.

Za kukula nazo tisamangotengeka ndi maso. Nyumba yosanja ya magalasi ndi penti watsopano si kukula, nthawi zina ndi ngongole chabe yomwe adzaibweze ndi fizi ya mwana wanu. Funsani ngati malowo ndi awo kapena ndi a lendi, chifukwa sukulu ya lendi itha kusamuka pakati pa semesita, mwana yemwe munamupezera nyumba ku Chiputula nkupezeka akukwera kabaza kawiri kupita kutsidya lina la tauni. Funsani aphunzitsi okhazikika alipo angati. Masukulu ambiri apulaiveti amabwereka aphunzitsi ku mayunivesite a boma madzulo ndi Loweruka, zimenezo pazokha sizoipa poti ena ndi akatswiri enieni, koma ngati dipatimenti yonse ilibe ndi mmodzi yemwe wokhala pompo, mwana akafika chaka chomaliza adzasowa womuyang'anira pa kafukufuku wake. Onaninso liwiro lomwe akutsegulira zinthu. Sukulu yomwe chaka chino ili ndi mapulogalamu 3, chaka chamawa 15 kuphatikizapo masters, nthambi ku Karonga ndi ku Mzimba, aphunzitsi ali omwe aja, imeneyo ikufufuma ngati mandasi a yisiti wambiri, mkati muli mphepo.

Pitani tsiku wamba, Lachiwiri kaya Lachitatu mmawa, osati tsiku lomwe aitana makolo poti tsiku limenelo amasesa ndi kubwereka mipando. Lowani mu laibulale mutsegule mabuku awiri atatu muone zaka zake, muwerenge makompyuta oyaka osati ongoikidwa, funsani magetsi akazima amatani, suzumiraninso ku chimbudzi, inde ku chimbudzi, sukulu yolephera kusamala pamenepo sindikhulupirira kuti ingasamale malikisi a mwana kwa zaka 4.

Ndalama muwerengere zonse osati za semesita yoyamba yokha. Funsani fizi inali zingati zaka ziwiri zapitazo kuti muone mmene imakwerera, funsani za mayeso obwereza, za graduation, za transcript (chikalata cha malikisi onse a mwana), ndi zomwe zimachitika mwana akalephera kumaliza kulipira mayeso atayandikira. Pa sukulu ya banja apa pali ubwino wake weniweni, nthawi zina umatha kukaonana ndi mwini wake nkumufotokozera kuti fodya sanagulidwe kapena malipiro achedwa, iye nkukumvera chisoni, zomwe ku ofesi ya boma nzovuta. Koma akalola pemphani alembe, mawu apakamwa amatha bamboyo akapita ku Johannesburg kuchipatala. Funsaninso ngati ophunzira awo amalandira ngongole ya boma ya ku Loans Board, bungwe lija linakhazikitsidwa mu 2015, chifukwa ngongoleyo imapita kwa ophunzira a masukulu ovomerezeka, a boma ndi apulaiveti omwe. Akayamba kuzungulira poyankha mwadziwa kale.

Chomaliza chomwe ndinachita ndi kupempha manambala a anthu atatu omwe anamaliza pamenepo. Ofesi imakupatsani omwe zinawayendera, ndiye ine ndinafunsa aliyense wa atatuwo kuti andilumikize ndi mnzake wa mkalasi mwake, achiwiriwo ndi omwe ananena zenizeni, wina anadikira satifiketi chaka chathunthu, wina ali pa ntchito yabwino ku banki ndipo sadandaula kanthu kupatula hosteli. Mwa masukulu anayi omwe ndinayendera awiri ndinawachotsa tsiku lomwelo, imodzi inagwa pa nkhani ya kalata ya NCHE yomwe inkatchula likulu lokha. Yotsalayo ndi komwe mwana wa achemwali ali pano chaka choyamba, akuchita za maakaunti, ndipo fotokope ya kalata yovomereza pulogalamu yake ndinaisunga mu envelopu limodzi ndi marisiti, pansi pa matiresi.