Ku Gruyères tsiku limodzi, chitani chonchi

Achimwene mwafunsa ngati mungapite ku Gruyères, katauni ka ku Switzerland, kuchokera ku Bern n'kubwerako tsiku lomwelo, ee ndizotheka ndithu bola mulawire.

Kwerani sitima mpaka ku Bulle, pamenepo musinthe mukwere ina yaing'ono yolowera ku Montbovon mutsike pa siteshoni ya Gruyères. Mukangotsika, tsidya la msewu pali La Maison du Gruyère komwe amapanga tchizi, lowani kaye mmawa womwewo muone akuvundula mkaka mmapoto akuluakulu amkuwa aja.

Kenako kwerani phiri wapansi kulowera mtauni, mphindi ngati 15 kapena 20, valani nsapato zabwino chifukwa msewu wa mtaunimo ndi wamiyala komanso magalimoto salowamo. Kataunika ndi kamsewu kamodzi basi kokhala ndi kasupe pakati, kumapeto kwake ndiye kuli linga lenilenilo lomwe linamangidwa mzaka za m'ma 1200. Mafumu ake anakhalamo mpaka 1554 pomwe womaliza, Michel, ngongole zinamumiza n'kutaya zonse. Musathamange pano chonde, zungulirani zipinda zonse kenako mutuluke kukadimba kakuseri muone mapiri ozungulira, ine ndinangoima duu mabelu a ng'ombe akumveka kumunsi kuchigwa, mtima unangoti myaa.

Njala ikakupwetekani idyani fondue (tchizi wosungunula woviikamo buledi), kenako meringue (kotsekemera kopangidwa ndi mazira ndi shuga) ya kirimu wonona wakonkuno. Ndalama ndi ma Swiss franc, anthu ake amayankhula French ndiye bonjour musaiwale. Nthawi ya sitima yobwerera ionenitu musanakwere phiri.