Momwe mungapitire ndi mwana kwa dokotala wa mano popanda kukokanakokana

Mwana sabadwa akuopa dokotala wa mano. Mantha amawatengera kwa ife akuluakulu, kapena kwa dokotala amene anamupweteka ulendo woyamba. Choncho musadikire kuti dzino liwawe. Madokotala amalangiza kuti mwana akaonedwe dzino loyamba likangomera, nthawi zambiri ali ndi miyezi 6, kapena asanakwanitse chaka. Pamenepo palibe chozula. Mumamugoneka pamiyendo panu, mutu wake uli pa maondo a dokotala, amuyang'ane ndi kagalasi, basi. Koma mwana amene wakumana ndi mpando wa dokotala wa mano koyamba tsaya litatupa, atachezera kulira usiku wonse, sauiwala.

Kenako samalani pakamwa panu. Mawu oti "ukapanda kutsuka mano ndikakubayitsa jakisoni" ndiwo amabzala mantha. Ngakhale kunena kuti "usaope, sizipweteka" n'kumuuza kale kuti kuli zopweteka. Ingomuuzani kuti adokotala akawerenga mano ake, ndipo madzulo muyeserere kunyumba, iye atsegule kukamwa inu muwerenge. Ngati inuyo mumanjenjemera mukamva kulira kwa makina obowolera mano, apite naye wina. Ana amaona nkhope.

Tsopano nkhani ya jakisoni, pamene zinandisokonekera ndi mwana wanga. Dokotala wina wachangu anakweza jakisoni m'mwamba mwana akuona, osanena kanthu, namwino n'kumugwira manja. Mwana anatseka pakamwa kuti gwa, ntchito inathera pomwepo, ndipo kwa nthawi yaitali ankalira akangomva fungo la chipatala. Ndiye musanalowe, funsani momwe amachitira ndi ana. Wodziwa ntchito amayamba wamuuza mwana zomwe achite, kenako amamuonetsa chipangizocho, mwina kuchiyendetsa pa chikhadabo chake kuti amve kuti chimangonjenjemera, n'kuyamba ntchito pambuyo pake. Amapaka kaye mankhwala ochititsa dzanzi pa nkhama, jakisoni amaibweretsa chapansi pachibwano pomwe maso a mwana safika, ndipo amabaya pang'onopang'ono. Gwirizananinso kuti mwana akakweza dzanja, dokotala aime. Akakweza dzanja dokotala osaima, mwanayo sadzakhulupiriranso aliyense m'chipindamo.

Dzanzi la jakisoni lija silitha msanga, limatenga maola angapo. Mwana amaluma mlomo poti sakumva kanthu, mawa lake watupa, iye n'kumati adokotala ndiwo anamuvulaza. Mukhale naye pafupi, asadye mpaka dzanzi litatha.

Apa ndichenjezenso za anthu ozula mano opanda chiphaso. Amakopa poti ndi otchipa komanso sachedwa, koma zipangizo zawo simudziwa ngati anaziwiritsa, ndipo kwa iwo dzino lililonse ndi lozula. Mano oyamba aja, omwe amakwana 20, amasungira malo mano achikulire amene amayamba kumera mwana ali ndi zaka 6, ndiye sikuti ndi ongotaya.

Zotsalazo n'zachidule. Pitani m'mawa mwana asanatope, atadya kale. Mwana wamanyazi musamufulumize, ulendo woyamba angokhala pampando n'kutsika. Atenge chidole chake. Mukatuluka muyamikireni pa chimene wachita, ngakhale kungotsegula kukamwa, ndipo funsani tsiku lobweranso musanachoke.