Chitseko cha makina a CNC: nthawi yotseka ndi nthawi yotsegula

Aliyense wogwira ntchito pa makina a CNC (makina odula ndi kusema zitsulo oyendetsedwa ndi kompyuta), kaya ndi lathe, imene imazunguza chitsulo, kaya ndi milling, imene imazunguza mpeni, asunge lamulo ili: chitseko chikhale chotseka nthawi yonse imene spindle, mtanda wozunguza chitsulo kapena mpeni, ikuzungulira. Amisiri ena amaganiza kuti chitsekocho anachiikira madzi oziziritsa kuti asamwazike pansi, koma ntchito yake yeniyeni ndi kutchinga chilichonse chimene chingathothoke m'kati. Chuck, chipangizo cha mano chogwira chitsulo pa lathe, ikakhala ya mamilimita 200 n'kumazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, m'mphepete mwake mumathamanga kuposa makilomita 110 pa ola, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yokankhira mano ake kunja imawirikiza kanayi, moti chitsulo chimene munamanga bwinobwino makina ali chiimire chingathe kupulumuka pakati pa ntchito.

Musanayambe ntchito m'mawa, yesani interlock, kachipangizo kamene kamaletsa makina kuyenda chitseko chili chotsegula. Siyani chitseko pululu n'kudina batani loyambitsira pulogalamu. Makina akayenda, azimitseni ndipo muuze kapitawo nthawi yomweyo. Chizolowezi choipitsitsa ndi chomasula kiyi ya interlock pachitseko n'kuisiya chilowetsere, kapena kumatirira maginito pa interlock ndi tepi kuti makina aziona ngati chitseko n'chotseka, pofuna kusuzumira m'kati. Wochita zimenezi amati n'za kanthawi kochepa, koma tepiyo imakhala pomwepo miyezi, ndipo mnzake wa shifiti ya usiku amagwira ntchito akukhulupirira chitetezo chimene kulibe.

Nthawi yotsegula ilipo, monga pomanga chitsulo chatsopano, poyeza zida ndi pochotsa tizitsulo totsalira. Pa ntchito zoterezi gwiritsani ntchito setup mode, imene imachepetsa kwambiri liwiro la makina, ndipo kiyi yake asunge munthu wophunzitsidwa. Dikirani spindle iime kotheratu musanapise dzanja, ndipo tizitsulo topiringizika muzikoka ndi ngowe kapena kusesa ndi burashi. Ngati mukukonza makinawo, zimitsani magetsi pa switchi yaikulu ndi kukhomapo loko yanu. Pa lathe ya Fanuc kapena Haas, musaiwale kulemba malire a liwiro mu pulogalamu pogwiritsa ntchito khodi ya G50 musanaike G96, khodi imene imasintha liwiro la spindle molingana ndi kukula kwa chitsulo, chifukwa mpeni ukamayandikira pakati pa chitsulo liwiro limakwerabe.

Zenera la chitseko nalonso limakalamba. Nthawi zambiri limakhala la polycarbonate, pulasitiki yolimba yoonekera m'kati, imene imafooka pang'onopang'ono ndi madzi oziziritsa ngakhale ikuoneka yabwinobwino, choncho lisinthidwe pa nthawi imene opanga makinawo analemba, ndipo likang'aluka lisinthidwe tsiku lomwelo. Kuikapo pulasitiki ya acrylic chifukwa chotchipa n'kudzinamiza, pakuti imasweka msanga ikamenyedwa.

Za chitseko chachikulu cha nyumba yogwiriramo ntchito, mungachitsegule kuti mpweya uziyenda ndi kuchotsa nkhungu ya madzi oziziritsa, bola pakhomo pakhale chotchinga choletsa ana ndi makasitomala kulowa. Kumbukiraninso kuti chitsulo cha mita imodzi chimatalika pafupifupi mamilimita 0.012 kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, motero dzuwa kapena mphepo yowomba pa makina ingasokoneze miyeso ya ntchito yofuna kulondola. Khomo lothawira moto lisakhomedwe ndi loko, ndiponso lisatchingidwe ndi migolo ya mafuta, anthu ali m'kati.